Vutolo linafika liti? Kumvetsa matenda a mwana wosabadwa ndi a khanda

Mwana akabadwa ndi vuto, kapena akadwala patangopita masiku ochepa chibadwireni, makolo amadzifunsa kuti, "Kodi tinalakwitsa pati?" Achibale sachedwa kupereka mayankho, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mayi. Chisokonezo chimakula chifukwa mavuto osiyana kotheratu timawaunjika pamodzi. Mwana wobadwa ndi chotupa kumsana, wina wobadwa mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri, wina amene sanalire pobadwa, wina amene maso ake achita chikasu pa tsiku lachitatu, onsewa timangoti anabadwa odwala. Komatu mavutowa amayamba pa nthawi zosiyana, ndipo mpata wowapewera umatsekekanso pa nthawi zosiyana.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 makanda pafupifupi 2.3 miliyoni anamwalira asanakwanitse masiku 28. Chiwerengerochi ndi pafupifupi theka la ana onse omwalira asanafike zaka zisanu, ndipo atatu mwa makanda anayi aliwonse otere amapita m'sabata yoyamba. Palinso ana pafupifupi 1.9 miliyoni pachaka amene amabadwa atafa kale. Kuti zimveke bwino, tiyeni timutsate mwanayo kuchokera pamene mimba yakhala mpaka atatha mwezi ali panja.

## Masabata amene mayi sanadziwe n'komwe

Ziwalo zikuluzikulu za mwana zimaumbika m'masabata 8 oyamba kuchokera pamene dzira lakumana ndi umuna. Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22. Ikatha nthawi imeneyi, ntchito yaikulu imakhala kukula ndi kukhwima kwa zimene zaumbika kale. N'chifukwa chake chinthu chimodzi chomwecho chikhoza kulumaza mwana mimba ili ya mwezi umodzi, koma osamuchita kanthu kwenikweni mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Ubongo ndiwo uli wosiyana, chifukwa umapitiriza kuumbika mpaka mwana atabadwa, choncho umakhala pangozi nthawi yonse.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimayamba ngati kachigawo kafulati ka maselo kumsana kwa mluza. Kachigawoka kamapindika m'mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati, n'kusanduka kapaipi kakang'ono kamene kamayenera kutsekeka pofika tsiku la 28. Kakalephera kutsekeka chakumunsi, mwana amabadwa ndi vuto lotchedwa spina bifida: mafupa a msana amakhala ndi mpata, ndipo nthawi zina mitsempha imatulukira m'kathumba koonekera kumsana. Mwana wotere angakhale ndi miyendo yofooka, angalephere kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, ndipo madzi angaunjikane m'mutu mpaka mutuwo kukula. Kapaipika kakalephera kutsekeka chakumutu, mbali yaikulu ya ubongo siumbika, ndipo mwanayo sakhala ndi moyo.

Tsiku la 28 limeneli limakwana patangotha masabata awiri chiphonyereni msambo, amayi ambiri akukayikabe ngati ali ndi pakati. Apa mpamene pagona nkhani ya folic acid, vitamini amene maselo amamufuna kuti agawikane bwino. Kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1991, anapeza kuti vitaminiyu anachepetsa vutoli ndi pafupifupi 70 peresenti mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wotere. Mlingo wa mayi aliyense ndi mamaikirogalamu 400 patsiku, kuyambira asanatenge pathupi. Kuyamba kumwa mapiritsiwa mimba ili ya miyezi inayi kumathandiza magazi a mayi, koma za kapaipi kaja zimakhala zitadutsa kale. Popeza mimba zambiri zimabwera mosakonzekera, mayiko ena amalamula kuti folic acid aziikidwa mu ufa wopangidwa m'mafakitale, monga mmene America inayambira mu 1998.

Umboni wowawa wa kuopsa kwa masabata amenewa unabwera ndi mankhwala a thalidomide, amene anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1957 ndipo amayi oyembekezera ankawamwa pochepetsa mseru. Anawachotsa pamsika mu 1961, koma ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi, ena opandiratu. Ofufuza anadzapeza kuti ngozi yonse inali pakati pa tsiku la 20 ndi la 36. Mpaka lero pali mankhwala amene amasokoneza mluza, mwachitsanzo a khunyu otchedwa valproate. Koma mayi amene ali pa mankhwala a matenda okhalitsa asawasiye yekha, chifukwa matenda osasamalidwa nawonso amavulaza mwana. Choyenera ndi kukambirana ndi dokotala mimba isanakhale.

## Zobwera ndi majini

Selo lililonse la munthu lili ndi tizingwe 46 totchedwa makromozomu, mmene muli malangizo a kaumbidwe ka thupi otchedwa majini. Tizingwe 23 timachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Mwana akalandira kromozomu ya nambala 21 yowonjezera amabadwa ndi Down syndrome, vuto lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru, zimene ofufuza a ku France anatulukira mu 1959. Zimangochitika pamene dzira kapena umuna zikupangidwa, osati chifukwa cha zimene mayi anachita ali ndi pakati. Mpata wake umakula mayi akamakula m'zaka, ngakhale kuti amayi achitsikana nawonso amabereka ana otere. Pafupifupi theka la anawa amakhala ndi vuto la mtima, choncho kupima mtima wawo msanga n'kofunika.

Matenda a sickle cell, amene maselo ofiira a magazi amapindika n'kumatseka timitsempha, amafuna kuti makolo onse awiri akhale ndi jini yake. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Khandalo limaoneka lathanzi pobadwa, zizindikiro zimadzayamba patapita miyezi.

Ndipo ndi bwino kunena mosabisa kuti pafupifupi theka la zilema zobadwa nazo, madokotala sapeza chenicheni chimene chaziyambitsa. Munthu amene amabwera ndi yankho lachangu pa nkhani zotere amakhala akungoganizira.

## Zimene nsengwa imalola kudutsa

Magazi a mayi ndi a mwana sayenda m'mitsempha imodzi. Amayandikana mu nsengwa, molekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala, ndipo chakudya ndi mpweya wa okosijeni zimadutsa kakhunguko kupita kwa mwana. Kumadutsanso maantibodi, timapuloteni timene thupi limapanga polimbana ndi matenda, amene amadzateteza khanda miyezi yoyamba.

Kale madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa imatchinga choipa chilichonse. Mu 1941 dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, anadabwa ndi kuchuluka kwa makanda obadwa ndi ng'ala, ndipo anapeza kuti amayi awo ambiri anadwala rubella mimba ikungoyamba. Kwa munthu wamkulu rubella ndi totupa ndi kutentha thupi kwa masiku ochepa. Koma ikagwira mayi m'masabata oyambirira, mpaka ana 9 mwa 10 amabadwa ndi ng'ala, ugonthi kapena vuto la mtima. Ikamugwira mimba itapitirira masabata 20, zotere sizichitikachitika. Katemera wake amaperekedwa munthu asanatenge mimba. Kachilombo ka Zika, kofalitsidwa ndi udzudzu, kanabwerezanso phunziro lomweli ku Brazil mu 2015 ndi 2016, pamene ana ambiri anabadwa ndi mitu yaing'ono.

Chindoko ndicho chimandidandaulitsa kwambiri, chifukwa mankhwala ake ndi akale komanso osavuta. Mayi akhoza kukhala nacho zaka osaona chizindikiro chilichonse. Kachilomboko kamadutsa nsengwa n'kuchititsa kupita padera, kubereka mwana wakufa, kapena khanda lotupa chiwindi, losupuka khungu la m'manja ndi kumapazi. WHO inayerekeza kuti mu 2016 chindoko chinachititsa imfa zoposa 200,000 za ana obadwa akufa ndi makanda. Kupima kumangofuna kadontho ka magazi a pachala, ndipo jakisoni wa penisilini woperekedwa mimba ikadali yaing'ono amamuteteza mwanayo. Bambo akapanda kulandira nawo mankhwala, mayi amatenganso matendawo. HIV nayo, popanda mankhwala, imapita kwa ana 15 mpaka 45 mwa 100 aliwonse pa nthawi ya mimba, yobereka ndi yoyamwitsa, koma mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika chiwerengerocho chimatsika kusafika 5. Mu 2015 Cuba inakhala dziko loyamba kuvomerezedwa ndi WHO kuti lathana ndi kupatsira ana HIV ndi chindoko kuchokera kwa mayi.

Mowa umadutsa nsengwa mosavuta, ndipo chiwindi cha mwana sichitha kuuchotsa msanga. Popeza umavulaza ubongo, palibe mwezi wa mimba umene mowa uli wabwino.

Matenda ena amaononga nsengwa yeniyeniyo. Tizilombo ta malungo timaunjikana mmenemo, kuthamanga kwa magazi ndi fodya zimachepetsa magazi ofikako, ndipo mwana amalandira zochepa n'kubadwa wosakwana magalamu 2,500. Matenda a shuga amachita zosiyana. Shuga wambiri wa mayi amapita kwa mwana, thupi la mwanayo limapanga insulini wambiri (timadzi totsitsa shuga m'magazi), amanenepa kwambiri mpaka kuvuta kubadwa. Mchombo ukangodulidwa shuga wa mayi amaleka kubwera koma insulini uja akadalipo, ndiye shuga wa khandalo amatsika moopsa m'maola oyamba. Khanda lalikulu chonchi liyenera kuyamwa msanga ndi kupimidwa.

## Magazi a mayi akalimbana ndi a mwana

Pa maselo ofiira a anthu ambiri pali kapuloteni kotchedwa Rh, kamene Karl Landsteiner ndi Alexander Wiener anakafotokoza mu 1940. Amene ali nako ndi Rh positive, amene alibe ndi Rh negative. Ku Ulaya anthu pafupifupi 15 mwa 100 alibe, ku Africa ndi ku Asia ndi ocheperapo.

Mayi wa Rh negative akhoza kukhala ndi mwana wa Rh positive wotengera bambo. Pobereka, timagazi ta mwanayo timalowa m'magazi a mayi, thupi lake limatiyesa mdani n'kupanga maantibodi. Mwana woyambayo amakhala atatuluka kale, ndiye sakhudzidwa. Pa mimba yotsatira maantibodi aja amadutsa nsengwa n'kumaphwanya maselo ofiira a mwana, amene angachepe magazi, kutupa thupi lonse, kufera m'mimba, kapena kubadwa ndi chikasu choopsa. Mimba imene inapita padera ikhozanso kuyambitsa zimenezi. Kuyambira 1968 pali jakisoni wa anti-D amene mayi amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka, ndipo m'mayiko ambiri amabayidwanso mimba ili ya masabata 28. Jakisoniyu amagwira ntchito ngati thupi la mayi silinayambe kupanga maantibodi akeake. Likayamba, sabwezanso kanthu.

## Kubadwa masiku asanakwane

Mimba imawerengedwa masabata 40, ndipo mwana wobadwa asanakwane 37 ndiye wobadwa masiku asanakwane. Mu 2020 analipo pafupifupi 13.4 miliyoni, kapena kuti mwana mmodzi mwa 10, ndipo zovuta za kubadwa chonchi ndi zimene zimapha makanda ambiri kuposa chinthu china chilichonse. Ziwalo zonse amakhala nazo, koma sizinakhwime.

Vuto lalikulu ndi mapapo. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono ta mpweya, ndipo mkati mwake mumakhala monyowa. Taganizirani thumba lapulasitiki lonyowa mkati, mmene limamatirira n'kumavuta kulitsegula. Timatumba ta m'mapapo tingamatirirenso chimodzimodzi nthawi iliyonse munthu akatulutsa mpweya, pakanapanda timadzi toterera totchedwa surfactant timene mapapo amapanga. Mwana amayamba kupanga timadziti cha pa sabata 24, koma timakwanira cha pa sabata 34 kapena 35. Wobadwa nthawiyi isanafike amalimbana ndi kutsegula mapapo pa kupuma kulikonse. Amapuma mofulumira, amabuula, pachifuwa pamalowa mkati, mpaka amatopa.

Mary Ellen Avery ndi Jere Mead ndi amene anasonyeza mu 1959 kuti chosowacho ndi surfactant. Mu 1963 matendawa anapha Patrick, mwana wa mtsogoleri wa dziko la America John F. Kennedy, patangopita masiku awiri chibadwireni, ngakhale anali m'manja mwa madokotala apamwamba. Lero mwana wobadwa pa msinkhu umenewo nthawi zambiri amapulumuka. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie a ku New Zealand anasonyeza kuti jakisoni wa mankhwala a steroid, akabayidwa mayi amene watsala pang'ono kubereka nthawi isanakwane, amafulumizitsa mapapo a mwana kukhwima. Mwana akabadwa angaikidwe pa makina a CPAP, amene amakankhira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti timatumba tija tisatsekeke, ndipo surfactant yopangidwa ingathiridwe m'mapapo. Okosijeni amafunika kuyezedwa bwino. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 makanda ambiri anachita khungu chifukwa chopatsidwa wochuluka.

Vuto lachiwiri ndi kuzizira. Khanda lotere lilibe mafuta okwanira pansi pa khungu, ndipo likazizira limatha shuga ndi okosijeni wake poyesa kudzitenthetsa. Mu 1978 pachipatala china mumzinda wa Bogotá ku Colombia, kumene makina ofunditsira makanda anali ochepa, dokotala Edgar Rey anayamba kugoneka makanda pachifuwa pa amayi awo, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku. Imeneyi ndi njira ya kangaru, ndipo mu 2022 WHO inalangiza kuti iziyamba mwana akangobadwa. Bambo kapena wachibale akhoza kulandizana ndi mayi. Kuyamwa nako kumavuta, chifukwa luso loyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi limakhwima cha pa sabata 34. Nthawiyi isanafike, mkaka wa mayi umafinyidwa n'kuperekedwa ndi kakapu kapena kapaipi kolowa m'mphuno.

## Mphindi yoyamba

M'mimba mapapo amakhala odzaza madzi ndipo okosijeni amabwera kudzera mumchombo. Pobadwa zonsezi zimayenera kusintha m'masekondi ochepa. Pafupifupi khanda limodzi mwa 10 limafuna kuthandizidwa kuti liyambe kupuma. Kubanika kumabwera kubereka kukatenga nthawi yaitali, mwana akakanika kutuluka, mchombo ukapanikizika, kapena nsengwa ikamatuka mwana asanabadwe. Ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi zingapo maselo ake amayamba kufa.

Azamba amaphunzitsidwa kuti mphindi yoyamba isathe mwana asanapume. Amamupukuta, amamusisita kumsana, ndipo akapanda kuyamba amamupopera mpweya ndi kathumba kofinya ndi manja. Ambiri amatsitsimuka ndi zimenezi zokha. Anamwino amalembanso manambala a Apgar, njira imene dokotala Virginia Apgar anakonza mu 1952 yoona kugunda kwa mtima, kupuma, mphamvu ya minofu, mmene mwana akuchitira akamukhudza, ndi mtundu wa khungu. Nambala yotsika pa mphindi yoyamba siilosera tsogolo la mwana, ambiri amakhala atakwera pofika mphindi yachisanu. Ndipo si ana onse a cerebral palsy, vuto la ubongo lolepheretsa thupi kuyenda bwino, amene anabanika pobadwa. Kwa ambiri ubongo unavulala mimba ikadalipo, kapena chifukwa chobadwa masiku asanakwane.

## Chikasu ndi matenda a m'sabata yoyamba

Makanda 6 mwa 10 obadwa pa nthawi yake, ndi 8 mwa 10 obadwa masiku asanakwane, amachita chikasu. Khanda limabadwa ndi maselo ofiira ambiri amene amatha msanga, ndipo akaphwanyika amasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubin, umene chiwindi chanthete chimachedwa kuuchotsa. Chikasu chotere chimaoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu n'kutha chokha pasanathe masabata awiri. Kuyamwa pafupipafupi kumathandiza, chifukwa utotowo umatuluka ndi chimbudzi.

Choopsa ndi chikasu choyamba m'maola 24 oyamba, chofika m'manja ndi kumapazi, kapena cha mwana amene akungogona osafuna bere. Bilirubin akachuluka amalowa mu ubongo n'kusiya ugonthi ndi kulumala kosachira. Pa khungu lakuda chikasu chimabisala, ndiye muyang'ane m'maso ndi m'nkhama pamalo owala. Chithandizo chake ndi kugoneka mwana pansi pa magetsi a buluu amene amasintha utotowo kuti utuluke mosavuta. Njirayi inayamba mu 1956 pamene namwino Jean Ward wa ku Rochford ku England anaona kuti khungu la makanda limene lakhudzidwa ndi dzuwa likuchepa chikasu. Koma kuika khanda padzuwa sikulowa m'malo mwa magetsiwo, ndipo kungaliotche kapena kuliziziritsa. Chikasu chopitirira masiku 14, makamaka chimbudzi chikakhala chotuwa ndi mkodzo woderapo, chingatanthauze kuti njira ya ndulu yatsekeka, ndipo opaleshoni yake imayenda bwino ikachitika mwana asanathe miyezi iwiri.

Tizilombo timalowa m'thupi la khanda kudzera m'njira yoberekera, makamaka madzi akasweka n'kupita maola ambiri mwana asanabadwe, kudzera m'manja osasamba, ndi pabala la mchombo. Kafumbata wolowera pamchombo anapha makanda pafupifupi 787,000 mu 1988, koma pofika 2018 chiwerengerocho chinali pafupifupi 25,000, chifukwa cha katemera wa amayi ndi kudula mchombo mwaukhondo.

Khanda silidwala ngati mwana wamkulu. Matenda oopsa a m'magazi akhoza kubwera osatenthetsa thupi, m'malo mwake thupilo n'kuzizira. Zimene achipatala amayang'ana ndi kuleka kuyamwa, kupuma koposa ka 60 pa mphindi, pachifuwa kulowa mkati kwambiri, kukomoka, kusagwedezeka pokhapokha akamukhudza, kutentha thupi kapena kuzizira kusafika madigiri 35.5, ndi mchombo wofiira wotuluka mafinya. Chimodzi chokha mwa izi chikwanira kuti mwana apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa khanda likhoza kusintha m'maola ochepa. WHO imalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe ndi wachipatala m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, kenako pa masabata 6, ngakhale onse akuoneka kuti ali bwino.